Tipoti ya Dona pa Chiliza cha Amayi

Lolemba, 6 Okutobala 2008

Chiliza chatha. Amisiri achoka masana, ndawaphera nkhuku. Simenti yauma bwino, yosalala. Dzina alemba ndi penti yoyera: LUSIYA NABANDA. Chaka chobadwa sitinalembe, palibe amachidziwa.

Zonse wagula ndi Gilbert, mwana wanga wachisamba, ndi ndalama za fodya. Chaka chino ku okushoni sanamulize kwambiri. Kuvundukula Loweruka la pa 18. Abusa avomera. Uthenga wapita kale ku Chisemphere, kwawo kwa amayi.

Tipoti ija inali pa mtumbira ndinawauza amisiri kuti asataye. Aimatira kumutu kwa chiliza, pangotsala chivindikiro ndi mlomo wake kunja. Dzimbiri lokhalokha, koma buluu akuonekabe pa chivindikirocho.

Mtima pansi lero. Amayi agona pa dothi lopanda dzina kuyambira ndili kamwana kogweluka mano. Tsopano ndikhoza kufa.

Nazale ya fodya ikufota. Chitsime cha kudambo chayamba kuphwa.

Lachinayi, 9 Okutobala

Tsiku lolemba mayina a makuponi, pabwalo la sukulu. Dzuwa loswa mutu. Dzina langa lalowa, la Gilbert ati aliona mawa. Chaka chatha thumba limodzi la feteleza tinagawana mabanja awiri.

Tili pamzere pomwepo kwafika galimoto yoyera. Watsika mzungu wamkazi, imvi zochepa, chipewa chachikulu. Pambali pake aphunzitsi a Dailes, aja anabwera chaka chatha kuchokera ku boma. Mzere wonse khosi kumbuyo.

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira midzi. Akuti ndi mdzukulu wa Bwana Tole, mzungu amene ankalima fodya kuno kalekale. Minda yathu yonse tsidya lino ili pa esiteti yake yakale. Ndiye anthu akuti wabwera kudzalanda malo. Ena akuti wabwera ndi mapepala. Gilbert sanadye.

Akufuna okalamba amene akukumbukira za nthawi imeneyo. Wina wapereka dzina langa. Ine ndalakwa chiyani.

Loweruka, 11 Okutobala

Abwera m'mawa, mzungu uja ndi a Dailes omasulira. Dzina lake Jeneti. Wakana mpando, wakhala pamphasa, miyendo osadziwa poiika. Wandipatsa shuga ndi sopo.

Malo sakuwafuna. Ndinafunsa kawiri.

Wafotokoza pang'onopang'ono. Agogo ake, Bwana Tole ndi dona wawo, anagulitsa zonse kwawo ku Mangalande, bedi ndi mbale zomwe, nkukwera sitima ya pamadzi. Mwezi wathunthu osaona mtunda. Dona akusanza njira yonse. Anatsikira ku Beira, kenako sitima ya pamtunda, kenako lole. Akuti kwawoko anawauza kuti kuno kuli malo ambiri opanda anthu. Ndinaseka. Nanga ife tinali mitengo? A Dailes anamasulira, iye nkhope psu.

Wakhala akuyenda m'maofesi kwawo, mpaka ku Zomba, kufufuza mayina a anthu amene anakwera sitima imeneyo. Ntchito yakeyo sindinaimvepo. Kusaka akufa ngati mbuzi yosokera.

Bambo ake ndi Pita. Pamenepo ndinagwira pakamwa. Pita, kamnyamata ka tsitsi lofiira! Tinkatola limodzi masuku kuseri kwa zigafa, amayi akugwira ntchito kukhitchini kwa dona. Akuti wamwalira chaka chatha, nkhalamba yoyendera ndodo. Ine m'mutu mwanga akadali ndi kabudula. Dona atamwalira, mwanayo anamukweza sitima yekha kubwerera kwawo. Mpaka imfa yake ankafunsa pomwe anagona mayi ake. Ndiye Jeneti wabwera kudzafuna manda.

Ndinati sindikudziwa, azungu ankawaika kumishoni. Iye anati ayi. Inali nthawi ya mvula, mtsinje unadzaza, lole inakanika kuwoloka. Anawaika m'manda a m'mudzi mom'muno.

Kenako anatulutsa chithunzi. Chakale, chachikasu m'mbali. Anajambula ndi Bwana Tole mwini.

Mtumbira watsopano, maluwa pamwamba. Kumbuyo mwala waukulu wong'ambika pakati. Kumutu kwa mtumbira, tipoti.

Ndinachibweza msanga. Ndinati maso akundiwawa, dzuwa. Anatsanzika.

Mwalawo ndikuudziwa. Amisiri ankaikapo zovala zawo sabata yatha.

Lamulungu, 12 Okutobala

Kutchalitchi ndinapita. Zomwe analalikira sindinamve. Analengeza za chiliza, amayi a Chigwirizano kundiyang'ana akumwetulira. Ine thukuta.

Ndikhale pansi ndiganize bwino, mwina ndikudziopseza chabe.

Amayi ankamwalira ndili mwana. Masiku amenewo ana sankapita kumanda, ankatitsekera m'nyumba maliro akamadutsa. Abambo anali ku Halale, sanabwerenso. Maliro atatha amayi aang'ono ananditenga kupita ku Chisemphere. Ndinakulira konko. Kuno ndinabwerera ndili mtengwa, Gilbert ali kumsana.

Maliro oyamba amene ndinalowa nawo kumanda kuno, anthu akuimba uko, ine maso akuyendayenda. Ndinaona tipoti yabuluu pa mtumbira wakale, yobooledwa kunsi monga timachitira kuti isabedwe. Ndinaizindikira pomwepo. Amayi ankaikwecha ndi phulusa m'mawa uliwonse, ine nditakhala pambali pawo. Ndikakumbuka manja a amayi ndimakumbuka tipoti imeneyo. Ndipo pamanda timaika chinthu cha mwini wake, mbale yake, chikho chake. Ndiye ndinati amayi ndi awa. Sindinafunse munthu. Ndifunsenso chiyani, chinthu ndachiona ndi maso?

Mwina matipoti anali awiri.

Mwina dona anawapatsa amayi.

Koma ndayesa kukumbuka tsiku lonse. M'nyumba mwathu munali mphika, chipanda, ndi lichero long'ambika. Tipoti m'nyumba mwathu sinalowemo. Amayi ankaikwecha, ankainyamula kupita nayo pakhonde la dona, ankaibweza. Kumwamo, sindinawaonepo.

Gilbert sindinamuuze. Wagula mbuzi.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndamuuza, tili kunazale, akuthirira. Anaika khenila pansi, madzi nkumatayika, osaona.

Poyamba anati zithunzi zakale zimafanana zonse. Kenako anati mzunguyo ali ndi zake. Pomaliza: "Simenti yauma kale, amayi."

Ndikumumvetsa. Fodya wa chaka chonse, kusoka, kupachika m'chigafa, kudinda mabelo, wathera pa chilizacho. Akazi ake ankafuna malata a khitchini, anawakaniza. Anthu amutama kuti ndi mwana wolemekeza makolo. Tsopano amve kuti wamangira mzungu.

Akuti tingokhala chete mpaka Loweruka lidutse. Dzina lake la makuponi silinatulukebe, mutu wake uli pawiri.

Ndakumbukira a Yobu, tsidya la dambo. Anali mdzukulu wokumba manda ali mnyamata, asanapite ku Joni. Maso anafa kalekale, koma mutu ulipo. Mawa ndipita. Mwendo wakumanzere watupa.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndapita pa kabaza. Ndawapeza pakhonde akusenda mtedza, osauona koma osataya ngakhale kamodzi. Anandizindikira ndi moni.

Adzukulu saopa kuseka anamfedwa, ngakhale atakalamba. Anayamba ndi kundinena kuti ndamanga chiliza mobisa kuti ndiwamane nyama. Ndinati sindinabwerere zoseka. Ndinafunsa za tipoti.

Sanazengereze nkomwe. Tipoti ndi ya dona. Bwana Tole ankafuna kuika mtanda wa matabwa, akuluakulu anamuuza kuti chiswe chidya, kuno timaika chinthu cha mwini wake. Anatuma kukatenga kunyumba. Amene anaibweretsa ndi amayi, ataifunda m'nsalu, akulira. A Yobu ndiwo anaiboola ndi msomali.

Ndinamva ngati khonde likupendekeka.

Ndinafunsa, nanga amayi ali pati? Anati amayi anatsatira mvula yomweyo isanathe, matenda ake omwewo, mkodzo wakuda. Poti anali mtengwa, analibe mzere wa abale ake m'manda muno. Akuluakulu anati agone pafupi ndi dona wake, onse ndi alendo. Kumadzulo kwa dona, pafupi kwambiri, chifukwa kupitirira apo kunali mizu ya muwanga, makasu ankabwerera. Anaikapo chipanda. Chipanda ndi moto wa tchire, chaka chimodzi basi.

Ndinati bwanji simunandiuze zaka zonsezi. Anati: "Munandifunsa, Nambewe?" Pomwe ndinkabwera kuno iwo anali ku migodi. Pobwerera, maso atayamba kale. Ankangomva kuti ine Fainala ndimasamala manda a amayi anga, nkumati mwana wabwino.

Ndinawauza kuti zonse za moyo wanga ndinkakazinena pa mtumbira wa tipotiwo. Za malemu amuna anga ndi mowa wawo. Za ana awiri amene ndinataya. Za njala ija. Zinthu zomwe ngakhale abusa sanamve. Anaseka mpaka kutsokomola, ati ndiye donayo Chichewa anachiphunzira bwino.

Sindinaseke. Anasiya, nkundigwira dzanja.

Pobwerera ndinayenda pansi. Wakabaza ndinamuiwala kuti akundidikira.

Lachinayi, 16 Okutobala

M'mawa ndinatumiza uthenga kwa Jeneti kuti mwala wa m'chithunzi uja ndikuudziwa. Amfumu alola kuti tilowe kumanda. Ine, Gilbert, adzukulu awiri ndi chitsulo chawo chobayira pansi, Jeneti ndi a Dailes. Jeneti anamubwereka chitenje, anamanga chopotoka.

Anaimika chithunzi chake kutsogolo kwa mwala. Mng'alu womwewo. Chiliza chathu chili ndendende pomwe pali mtumbira m'chithunzimo.

Adzukulu anapita kumadzulo monga ananenera a Yobu. Dothi lokumbidwapo kale silibwerera mwakale, iwo amadziwa. Anabaya cha uko, chitsulo chinakana. Anabaya pafupi ndi chitsa cha muwanga, chinakana. Anabwera pafupi ndi chiliza, pamalo osalala, opanda udzu. Pamwamba pali chikhakha cha simenti, pomwe amisiri ankakandira. Anaswa pang'ono ndi khasu. Anabaya.

Chinalowa ngati m'phala.

Malo amenewo ndi osalala chifukwa cha ine. Ndi pomwe ndimagwada. Chaka ndi chaka, ndikabwera kudzalambula, ndinkaika khasu pamenepo, nkugwada pamenepo, nkuyang'ana tipoti. Udzu unasiya kumera chifukwa cha mawondo anga. Ndi inenso ndinawauza amisiri kuti kandirani apa, ndi poyera.

Munthu saponda manda. Mwana wamng'ono amadziwa. Ine ndapondaponda amayi anga kuyambira ndili ndi mwana kumsana mpaka imvi.

Ndinafuna kukhala pansi, osadziwa pokhala. Paliponse ndinkaona ngati pali munthu. Gilbert anandigwira.

Jeneti ankalira chamumtima, dzanja pa simenti. Kenako anabwera kwa ine, a Dailes akumasulira. Akuti zikomo. Ankaganiza kuti akapeza tchire, kapena osapeza kanthu, koma wapeza agogo ake osesedwa, osamalidwa, ngati munthu wa abale. Akuti bambo ake akanamva akanagona bwino.

Ndinauza a Dailes kuti amuuze asandithokoze. Sindinkasesera agogo ake. A Dailes anandiyang'ana, sindikudziwa ngati anamasulira zonse.

Kunyumba sindinadye. Mawondo ndawayang'ana nthawi yaitali.

Lachisanu, 17 Okutobala

A ku Chisemphere afika pa ngolo ndi pa njinga. Ana a amayi aang'ono, zidzukulu zawo, ena sindikuwadziwa nkomwe. Abweretsa ufa, nkhuku, wina dengu la chinangwa. Thobwa lapsa. Pabwalo phokoso, kuseka. Aliyense kundigwira chanza, mwachita bwino, mwachita bwino.

Adzukulu pakamwa atseka, Gilbert anawapempha. Koma mawa ndi mawa.

Jeneti anabwera masana. Maganizo ake: dzina la amayi likhale pomwepo, iye sadandaula, agogo ake akhala opanda dzina nthawi yonseyi ndipo iye wadziwa kale pomwe ali. Kapena alipire chiliza china, chimangidwe bwinobwino alendo akapita. Gilbert nkhope inawala. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe, ati amayi mwamva, Mulungu watithandiza, mawa tingochita mwambo monga tinakonzera, zinazo tikonza mwakachetechete.

Ndinamufunsa kuti mawa anthu onsewa akaima pati. Chiliza chili apa, mwala uli uko, muwanga uli uko. Malo oyera ndi amodzi. Abusa akaima pamenepo. Kwaya ikaima pamenepo.

Anati nanga manyazi. Ndinati ndikudziwa.

Sindinamulonjeze kanthu. Nayenso sanafunsenso.

Ndasita yunifolomu ya Chigwirizano. Makala anathothokera pa kolala, kabowo kakang'ono.

Lamulungu, 19 Okutobala

Dzulo sindinathe kulemba.

Ndinalawira kumanda anthu asanafike, ndi adzukulu. Ndinaima m'mphepete mwa malo aja. Anthu akubwera ndi nyimbo, ine ndili chiimire, ndodo yanga nditaipingasa. Abusa anafuna kudutsa kuti aime poyera. Ndinati pepani abusa, zungulirani uko. Anadabwa, koma anazungulira. Kwaya inapanikizana kumwala. Ndinamva wina wa ku Chisemphere akunong'ona kuti agogowa ukalamba wayamba.

Pemphero, nyimbo, mawu. Gilbert anawerenga mbiri ya amayi. Jeneti kumbuyo kwenikweni ndi a Dailes.

Kenako abusa anandiitana, mwana wa malemu, kuti ndichotse nsalu. Nsalu yoyera, yatsopano. Ndinaikoka. Dzina linaoneka, anthu anayamba kuwomba m'manja, nthungululu.

Nsaluyo sindinapereke kwa abusa. Ndinatembenuka nayo, nkuiyala pansi, pa dothi paja, pa zibenthu za simenti. Ndinaiwongola makona onse. Mawu anatuluka aang'ono, koma kunali zii.

"Amayi ali apa. Apo pali mlendo."

Zotsalazo ananena ndi Gilbert. Sindinamutume. Anayamba mokakamira, kenako anafotokoza zonse, za sitima, za mvula, za tipoti, za a Yobu. Sanandinene kuti ndine ndinalakwitsa. Anati tinalakwitsa.

Panali kung'ung'udza. Mwana wamkulu wa amayi aang'ono anakwiya, ati tayenda ulendo wonsewu kudzaimbira mzungu. Mayi wina anaseka, nkudzigwira pakamwa. Abusa anayang'ana chiliza, anayang'ana nsalu, anatseka buku, nkulitsegulanso. Ndiye anauza kwaya kuti itembenuke. Anthu onse anatembenukira ku nsalu, kusiya chiliza kumbuyo. Anapempherera dothi.

Kutsogolo kwa chiliza kunatsala Jeneti yekha, akuyang'ana dzina la amayi anga pamwamba pa agogo ake.

Nyama anthu anadya. Ena a ku Chisemphere anapita osatsanzika. Mmisiri akuti dzina likhoza kupalidwa, abwera Lachiwiri. Za chiliza cha amayi, Gilbert wakana ndalama za Jeneti pamaso pa anthu, ati agogo ake amanga yekha fodya wa chaka chamawa akagulitsa. Feteleza wake sindikudziwa achokera kuti. Dzana lomweli ankafuna kulandira. Mwana ameneyu.

Lero titaweruka kutchalitchi ndinapempha mdzukulu mmodzi andiperekeze. Simenti ija tachotsa yonse, ine ndi manja, iye ndi khasu mosamala. Tazunguliza miyala.

Nditatha ndinafuna kugwada ndiwauze amayi zonsezi. Pakati pa awiriwa mpata ndi wa phazi limodzi. Uku mizu, uku mwala. Pogwada palibe. Ndinalankhula chiimire, ngati munthu wodutsa pa njira. Nkhope ya amayi ndikaifuna, kukubwera manja ndi tipoti basi.

Pochoka ndinatsanzika monga ndimachitira nthawi zonse, tsalani bwino amayi. Mdzukulu uja anandiyang'ana, nkuyang'ana kumbali.

Ndinali nditayang'ana ku chiliza.